Makomboni a ku Lusaka ndi Nkhondo za Anansi

Nyengo ya dzinja ikafika, madzi nalowa m'nyumba za ku Kanyama ndi kuzima mbaula, pamveka funso limodzi pakati pa anthu a m'makomboni. Afunsana kuti popeza dziko la Zambia silinaone nkhondo ya paciweniweni monga anansi ace, nanga n'cifukwa ninji amphawi ace akhala monga anthu amene nkhondo inawapitira. Funsoli ndi labwino, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi mkwiyo kapena ndi kunyada. Kuti tiliyankhe bwino tiyenera kuika Lusaka pambali pa mizinda ya maiko oyandikana nafe, makamaka Maputo wa ku Mozambique ndi Luanda wa ku Angola, tione kumene kufanana kunacokera ndi pamene njira zinapatukana.

Poyamba tidziwe kuti komboni ndi yakale kuposa nkhondo zonsezi, pakuti inabadwa mfuti zisanayambe kulira. Lusaka anayamba m'caka ca 1905 monga kasiteshoni kakang'ono pa njanji yocokera ku Livingstone kumka kumpoto, natenga dzina la mfumu ya mudzi wa pafupi, Lusaaka. M'caka ca 1935 Boma la Azungu linasamutsa likulu la Northern Rhodesia kucoka ku Livingstone kudza kuno. Amene anakonza mzinda watsopanowo, potsata maganizo a Professor Adshead wa ku England, anafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa ndi misewu yotakata, pa citunda cimene ticha Ridgeway. Munthu wakuda anamuyesa mlendo, mwamuna wobwera yekha kudzagwira nchito, amene nchito ikatha adzabwerera kumudzi kwa mkazi wace. Nyumba inali ya mwini nchito, kotero wocotsedwa nchito anali kucotsedwanso m'nyumba tsiku lomwelo. Pambuyo pace, Boma litaona kuti anthu sabwerera, linamanga nyumba ku Matero ndi ku Chilenje, koma sizinakwanire ngakhale pang'ono.

Tsono otsalawo anagona kuti? Eni mafamu ozungulira mzinda, pamodzi ndi makampani omanga nyumba ndi oswa miyala, analola anchito ao kumanga timisasa pa malo ao, ndipo posacedwa anaona kuti kukhometsa ndalama ya malo kupindula kuposa kulima cimanga. N'cifukwa cace makomboni ena ali ndi maina a anthu ndi a makampani, monga John Laing, John Howard ndi George. Ngakhale Chawama kale inachedwa Roberts. Malo amenewa anali kunja kwa malire a mzinda, motero Kansolo inalibe udindo wa kubweretsako madzi, ngalande kapena msewu. Ndiponso sanasankhidwe cifukwa ca ubwino wace. Kanyama iri pa cidikha ca miyala ya laimu, pamene madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndi pamwamba, kotero kuti wokumba cimbudzi ndi wokumba citsime akumana m'madzi amodzimodzi. Mau awa muwasunge, cifukwa tidzabwereranso kwa iwo.

Apwitikizi anacita cimodzimodzi m'maiko ao. Ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, kunali mzinda wa simenti wa Azungu ndi mzinda wa bango wa anthu akuda, ndipo maina awiriwa anali pakamwa pa aliyense. Ku Mafalala, ku Chamanculo ndi ku Xipamanine munthu sanali kuloledwa kumanga nyumba yokhalitsa ya njerwa. Wosauka anamanga ya bango, wopezako bwino ya matabwa ndi malata. Ku Luanda makomboni achedwa musseque, dzina lonena za mcenga umene anamangapo, ndipo Sambizanga, Rangel ndi Cazenga ndiwo ena mwa iwo. Motero mizinda itatuyi inalandira ufulu iri ndi cilema cimodzi: madzi, magetsi ndi ngalande pakati, unyinji wa anthu m'mphepete.

Zambia analandira ufulu wace pa 24 Okutobala 1964, wopanda nkhondo, ali ndi ndalama za mkuwa zimene zinamuika pakati pa maiko opeza bwino mu Africa, ngakhale kuti anthu akuda otsiriza maphunziro a ku yunivesite anali ngati 100 cabe. Malamulo oletsa munthu kukhala m'tauni popanda nchito anagwa, ndipo anthu anadza ndi akazi ndi ana. Pa kalembera wa 1963 Lusaka anali ndi anthu ngati 123,000. Pa wa 1969 anali 262,000. Pofika 1980 anapitirira theka la miliyoni. Onani kuti anthu onsewa sanathamangitsidwe ndi mfuti. Anaitanidwa ndi nchito, sukulu ndi cipatala. Ku Luanda kunali anthu osafika theka la miliyoni m'caka ca 1970, koma pa kalembera wa 2014 cigawo ca Luanda cinali ndi anthu oposa 6 miliyoni, ndipo ambiri a iwo, kapena makolo ao, anathawa nkhondo ku Huambo, ku Bié ndi ku Malanje. Wina anadza kutauni ndi ciyembekezo, wina ndi mantha, koma onse awiri anafikira pa malo opanda mpope.

Koma kodi n'zoona kuti Zambia sanaone nkhondo? Nkhondo ya abale okhaokha yopasula dziko lonse sitinaione, ndipo pa ici tiyenera kuyamika. Komatu dziko lopanda gombe la nyanja yamcere liri ngati munthu amene nyumba yace iri pakati pa mudzi: popita kudambo adzera pakhomo pa anzace, ndipo anzacewo akayambana iye agona ndi ludzu. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yayamba kudzilamulira popanda cilolezo ca Britain. Pafupifupi katundu yense wa Zambia anali kudzera kumeneko, mkuwa potuluka, mafuta ndi malasha a ku Wankie polowa. Mafuta anayamba kubwera pa ndege, ndi m'migolo pa malole odzera msewu woipa wa ku Dar es Salaam umene oyendetsa anaucha Hell Run, ndipo petulo anagulidwa ndi makuponi. Boma linayenera kumanga mpope wa mafuta wa TAZAMA, umene unatha m'caka ca 1968, ndi njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 ndi cithandizo ca China, imene inatha m'caka ca 1975. M'mwezi wa Januwale 1973 Smith anatseka malire. Mu Ogasiti 1975 nkhondo ya ku Angola inaimitsa njanji ya Benguela imene inali kunyamula mkuwa kumka ku Lobito, ndipo pa nthawi yomweyo mtengo wa mkuwa unali utagwa m'misika ya kunja. Ndalama zambiri zimene zikadatha kugula mipope ndi kukumba ngalande zinalowa m'njira zatsopano, m'zida ndi m'ngongole.

Mwazi nao unagwa. Magulu omenyera ufulu, ZAPU, ZANU, SWAPO, ANC ya ku South Africa ndi ena, anali ndi maofesi ao mu Lusaka, ndipo anthu ao anakhala pakati pathu m'nyumba wamba. Herbert Chitepo anaphedwa ndi bomba pakhomo pace ku Chilenje m'caka ca 1975. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda, ndipo anafa anthu mazana. Ovulala anadzaza cipatala cacikulu ca U.T.H. Caka cotsatira asilikari a Smith analowa mu Lusaka usiku napasula nyumba ya Joshua Nkomo, pambuyo pace naphulitsa milatho, kuphatikizapo wa pa Chambeshi. Mu Meyi 1986 ndege za South Africa zinaponya mabomba ku Makeni. Kuyambira 1987 zigawenga za Renamo zinali kulumpha malire kudzapha ndi kufunkha m'midzi ya Kum'mawa, kumene anthu ambiri a ku Chawama ndi ku Mtendere ali ndi abale ao. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Zambia anazimira anzace, ndipo zala zace zinapsa.

Komabe tisakuze cifukwa cimeneci kuposa msinkhu wace. Ku Mozambique nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inapha anthu ngati miliyoni imodzi, ndipo enanso ngati miliyoni anathawira ku Malawi kokha. Masukulu ndi zipatala zambirimbiri za kumidzi zinatenthedwa, aphunzitsi ndi anamwino nasakidwa monga nyama. Ku Angola nkhondo inayamba pa ufulu m'caka ca 1975, niima pang'ono, niyambanso, ndipo inatha m'caka ca 2002 Jonas Savimbi ataphedwa ku Moxico, cigawo coyandikana ndi malire athu. Mozambique analengeza kuti watha kufukula mabomba okwirira pansi m'caka ca 2015, zaka 23 mfuti zitaleka. Mwana wa ku George amene anabadwa m'caka ca 1980 anamva njala, anakhala pansi m'kalasi lodzaza, koma sanagwidwe panjira kuti akanyamule mfuti, ndipo sukulu yace inaima pamene inali. Amene afananiza masautso athu ndi awo sanamve bwino nkhani za anthu a ku Tete amene anakhala ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke.

Pamene njira zinapatukana koposa ndi pa nkhani ya malo, ndipo apa Lusaka ali ndi mbiri yoyenera kukumbukika, ngakhale kuti ambiri aiiwala. Boma litalandira ufulu linayamba ndi maganizo a Azungu omwe, akuti makomboni ndi conyansa coyenera kugwetsedwa. M'caka ca 1967 linatsegula Mtendere, kumene munthu anapatsidwa malo opimidwa kuti amange yekha, ndipo colinga cinali cakuti anthu a ku Kalingalinga asamukire kumeneko. Ena anapita, ambiri anakana, ndipo malo a amene anacoka analowamo ena. Pamenepo akulu a Boma anaphunzira kuti komboni siitha ndi kugwetsa. M'caka ca 1974 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lolola kuti komboni ivomerezedwe monga malo oyenera kukonzedwa, ndi kuti mwini nyumba alandire cikalata comlola kukhalapo zaka 30. Cikalataco sicinali umwini wa nthaka, koma cinali cokwanira kuti munthu agone tulo. M'caka comweco, ndi ngongole ya World Bank, inayamba nchito yokonza George, Chawama, Chaisa, Garden ndi Chipata. Analambula misewu, naika mipope yoti mabanja angapo atungire pamodzi, namanga masukulu, zipatala zazing'ono ndi misika. Ndipo amene nyumba zao zinagwa m'njira ya msewu anapatsidwa malo pafupi pomwepo. Anthu eni ace, kudzera m'atsogoleri a m'zigawo zao, anathandiza kusankha modzera misewu. Kalingalinga, imene inayenera kufafanizidwa, inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi cithandizo ca Germany. Munthu akadziwa kuti sadzacotsedwa agula simenti thumba limodzi limodzi, ndipo nyumba za dothi zinasanduka za mabuloko pang'ono pang'ono, ndi ndalama za eni ace. Kanyama sinalowe m'nchito ya 1974 ija, ndipo mu Febuluwale 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko ndi kupha anthu.

Tsono yang'anani kwa anansi. Boma la Frelimo m'caka ca 1976 linalanda nyumba zonse za lendi, ndipo anthu ena a mumzinda wa bango analowa m'nyumba zosanja zimene Apwitikizi anasiya. Cimeneci cinakondweretsa ambiri. Koma m'caka ca 1983, nkhondo iri mkati ndi cakudya cikusowa, Boma lomwelo linayamba cimene linacha Operação Produção: munthu wopezeka m'tauni wopanda mapepala a nchito anagwidwa, nakwezedwa ndege kumka ku Niassa, dziko la anzathu olankhula Cinyanja, kukalima m'chire limene sanalionepo. Ambiri sanabwerere. Ku Luanda, m'caka ca 2001, anthu a ku Boavista, pafupi ndi doko, anacotsedwa ndi apolisi natayidwa m'mahema ku Zango, kutali ndi nchito zao. Nkhondo itatha ndalama za mafuta zinasefukira, ndipo Boma linamangitsa mzinda watsopano wa Kilamba, wa nyumba zosanja ngati 750, makilomita 30 kucokera pakati pa Luanda. M'caka ca 2012 unali pafupifupi wopanda anthu cifukwa mtengo wace unali wosafikirika; unadzaza mitengo itatsitsidwa, koma olowamo anali a malipiro a pamwezi, osati mai wogulitsa nsomba wa ku Sambizanga. Si kuti ku Lusaka nyumba sizigwetsedwa, iai, zigwetsedwa ndithu. Koma Boma limene lazolowera nkhondo lizolowera kunyamula anthu monga matumba, ndipo cizolowezi cimeneci kuno sicinamere mizu.

Njala yokha siisankha. Mu Juni 1990 mtengo wa ufa utakwezedwa kawiri, anthu a m'makomboni a Lusaka anacita cipolowe, nafa oposa 20. Mu Seputembala 2010 mtengo wa buledi utakwera ku Maputo anthu a mumzinda wa bango anacita cimodzimodzi, nafa oposa 10. Kusiyana kwace n'kwakuti mkwiyo wa ku Lusaka unatsirizira m'bokosi la masankho mu Okutobala 1991, pamene Kenneth Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba nacoka mwamtendere. Ndipo makomboni omwewo anathandiza kusintha Boma m'caka ca 2011 ndi ca 2021.

Umboni wina wa mtengo wa mtendere ndiwo mapazi a anthu, cifukwa munthu wothawa sanama. Msasa wa Mayukwayukwa unatsegulidwa m'caka ca 1966 ndipo wa Meheba m'caka ca 1971, poyamba cifukwa ca othawa ku Angola. Pambuyo pace kunadza a ku Congo, a ku Burundi, ndi a ku Rwanda kumene anthu ngati 800,000 anaphedwa m'miyezi itatu m'caka ca 1994. Lamulo linafuna kuti akhale m'misasa, koma ambiri anatsetsereka nafika ku Chawama, ku George ndi ku Kanyama, nacita lendi zipinda, natsegula timasitolo togulitsa sopo, mafuta ndi ufa wa m'timapepala. Kwa iwo komboni imene ife tidandaula nayo inali pothawira. Kunena zoona, sitinasunge mlendo bwino masiku onse. Mu Epulo 2016, mitembo ya anthu ophedwa mwankhanza itapezeka ca ku George ndi ku Zingalume, mphekesera inafala yakuti alendo ndiwo akupha anthu kuti malonda ao ayende. Masitolo oposa 60, ambiri a anthu a ku Rwanda, anathyoledwa. Anthu awiri amene anatenthedwa ku Kanyama anali eni dziko. Ndipo alendo mazana anathawira ku chalichi ca St Ignatius. Amene apolisi anagwira pambuyo pace pa mlandu wa kupha kuja anali anthu a m'dziko muno. Masiku amenewo anaonetsa kuti umphawi wa m'komboni uli ndi udzu wouma wokwanira, ungosowa woyatsa.

Ena akamva dzina la Rwanda achula Kigali, mzinda waukhondo kumene anthu asesa pamodzi Loweruka lotsiriza la mwezi ndi kumene matumba a pulasitiki analetsedwa m'caka ca 2008, nanena kuti dziko lotuluka m'mwazi latiposa. Pa ukhondo ndi pa dongosolo latiposadi. Koma kumeneko makomboni ena akale anacotsedwa kuti mzinda uoneke bwino, ndipo wogulitsa m'msewu alibe mau monga ali nao wa ku Lusaka. Wofuna tsache la Kigali ayambe wafunsa amene anasesedwa nalo.

Tibwerere tsono ku madzi a pansi pa Kanyama, pakuti pamenepo mtendere wathu ulibe cowiringula. Mu Febuluwale 2006, zaka zinai nkhondo itatha, kolera inabuka ku Boavista ku Luanda, nifalikira m'dziko lonse la Angola, nipha anthu oposa 2,000. Cifukwa cace cinali coonekeratu: anthu a m'musseque anali kugula madzi a mumtsinje wa Bengo obwera pa malole, pa mtengo woposa umene olemera a pakati pa mzinda anali kulipira pa madzi a mumpope. Angola akadatha kuloza nkhondo ya zaka 27. Nanga ife tiloza ciani? Nkhondo ya Rhodesia inatha m'caka ca 1979. Mipope ya 1974 inapimidwira anthu a nthawi imeneyo, ndipo pa kalembera wa 2022 Lusaka anali ndi anthu oposa 2 miliyoni, ambiri a iwo m'makomboni. Zina zinacitika ndithu: George inalandira zitsime zakuya ndi matanki ndi cithandizo ca Japan m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Kanyama kunakhazikitsidwa bungwe la anthu eni ace logulitsa madzi pa cigubu. Koma madzi akumwa ndi theka la nkhani. Theka lina ndilo kumene zonyansa zipita, ndipo ngalande ya pansi ndi cinthu cimene wandale sangaimepo kuti ajambulidwe. Malinga ngati cimbudzi cokumba ciri pa mwala wa laimu, mvula iriyonse yaikulu isakaniza zimene zinayenera kulekana. Pakadafunda padajiwitsa: cifukwa kunalibe mfuti, atsogoleri ndi otsogoleredwa omwe anayesa kuti mawa liripo.

Kolera inabuka mu Okutobala 2017 ku Chipata ndi ku Kanyama. Pofika Januwale 2018 asilikari anali m'misewu ya Lusaka kucotsa ogulitsa, zitsime zosaya zinakwiriridwa, ndipo anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku, monga mumzinda wa nkhondo. Mvula itatha nthendayo inazilala, ogulitsa nabwerera, zitsime zina nizifukulidwanso cifukwa cigubu ca madzi ogula sicikwanira banja la anthu asanu ndi atatu. Mu Okutobala 2023 inabweranso ndi mphamvu yoposa kale. Masukulu sanatsegulidwe kufikira mwezi wa Febuluwale 2024, ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 700, ambiri a iwo a m'makomboni a Lusaka. Bwalo la masewera la National Heroes, limene linamangidwa ndi ndalama za ku China nilitsegulidwa m'caka ca 2014, linasandutsidwa cipatala kaciwiri m'zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo abale a odwala a ku Kanyama, ku Matero ndi ku George anaima kunja kwa cipata kudikira kuti maina awerengedwe.